Fayilo yalembedwa amd64 koma laputopu ndi ya Intel, ndani akulondola?

Funso lafika kuchokera kwa m'bale wina amene amakonza makompyuta ndi mafoni pa kashopu kake ku Zomba, ndilifupikitsa chonchi. Kasitomala anabweretsa laputopu ya Intel Core i5 kuti amuikiremo Ubuntu, operating system ya mtundu wa Linux, iye atapita kukadawuniloda anapeza fayilo yolembedwa amd64. Mnzake wa shopu yoyandikana akuti imeneyo ndi ya mapulosesa a AMD okha, ya Intel afune yolembedwa x64 kapena ia64. Wachitatu, amene anaphunzirako zamakompyuta ku koleji, akuti nonse mukusochera, dzina lolondola ndi x86-64, ndipo ngakhale mawu oti architecture mukungowatchula osawadziwa. Akangana sabata yathunthu ndipo laputopu ili pa shelefu. Akufunsa kuti dzina lenileni ndi liti.

Achimwene, choyamba tengani laputopuyo pa shelefu muikemo fayilo ya amd64 ija lero lomwe, igwira ntchito bwinobwino. amd64, x86-64, x86_64, x64 ndi Intel 64 ndi chinthu chimodzi, mayina okha ndiwo achuluka. Koma ia64 ija mnzanu watchula musaiyandikire n'komwe, imeneyo ndi nyama ina, ndipo m'mawu onse amene mwakangana nawo sabata yonseyi amenewo okha ndi amene akanakudyerani bandulo yanu pachabe. Ndifotokoza mofatsa chifukwa nkhaniyi ndimaikonda, komanso ukangodziwa kumene dzina lililonse linachokera sumasokonezekanso.

Tiyambire mu 1978, chaka chimene Intel inatulutsa pulosesa yotchedwa 8086, ya 16-bit. Mng'ono wake 8088 ndi amene IBM inasankha kuika mu kompyuta yake ya IBM PC mu 1981, ndiye poti kompyuta imeneyo inagulidwa kwambiri ndipo makampani ena anayamba kupanga zofanana nayo, mapulogalamu ambiri padziko analembedwa kuti azimvana ndi pulosesa ya mtundu umenewu. Intel inapitiriza, 80286 mu 1982, 80386 mu 1985, 80486 mu 1989, iliyonse yatsopano ikutha kuyendetsa mapulogalamu a yakale. Mukaona mayinawo onse akuthera ndi 86, chosintha ndi nambala yapakati basi. Anthu anangoika x pamalo pa nambala yosinthayo n'kumati x86, kutanthauza banja lonselo. Palibe komiti imene inakhala pansi kuvomereza dzinali, linangomera pakamwa pa anthu ngati dzina la pamsika.

AMD inalowa bwanji? IBM sinkafuna kudalira fakitale imodzi, ndiye mu 1982 Intel inagwirizana ndi AMD kuti nayonso izipanga mapulosesa omwewo. Pambuyo pake ubwenzi unatha, anakokerana ku makhothi zaka zambiri, ndipo mu 1991 khothi ku America linagamula kuti Intel singaletse ena kugwiritsa ntchito nambala ya 386 ngati dzina. N'chifukwa chake imene tinkayembekeza kuti ikhala 586 inatuluka mu 1993 ndi dzina loti Pentium, mawu opeka ochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza zisanu, poti dzina lopeka ukhoza kulilembetsa kuti ndi lako koma nambala ayi. Muone kuti kuyambira kalekale mayina amenewa akhala akusankhidwa ndi maloya komanso anthu otsatsa malonda, si mainjiniya okha, ndiye musadabwe kuti sakuyenda mwadongosolo.

80386 ija ndi imene inabweretsa 32-bit, ndipo apa ndi pamene pali mizu ya mayina a i386, i686 ndi IA-32 amene mumawaona. Tanthauzo la 32-bit mwachidule ndi kukula kwa timabokosi tam'kati mwa pulosesa totchedwa marejisita, momwe imasungamo nambala imene ikuwerengera nthawi imeneyo, komanso kutalika kwa adiresi imene imalozera malo mu memori. Ndi ma bit 32 ukhoza kuloza malo 4,294,967,296, amene ndi 4 GB. Inu mwaonapo ndithu laputopu yoti mwaikamo RAM ya 8 GB koma Windows 7 ya 32-bit ikuonetsa kuti ikugwiritsa ntchito 3 GB ndi kanthu pang'ono, kasitomala n'kumakuyang'anani ngati mwamubera. Si RAM yafa, ndi denga limeneli, ndipo mbali ina ya ma adiresiwo imatengedwa ndi zinthu ngati khadi ya zithunzi. Mu 1985 4 GB inali ngati nyanja, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ma seva akuluakulu anali atayamba kugunda mutu padengapo.

Apa ndi pamene nkhani ikukoma. Intel inaganiza kuti x86 yakalamba, yadzaza ndi zigamba, bola kuyamba zatsopano. Inagwirizana ndi HP n'kupanga mtundu wina wa pulosesa wosiyana kotheratu, malangizo ake ena, kaganizidwe kake kena, pomwe ntchito yaikulu yosanja malangizo kuti ayende angapo nthawi imodzi inasiyidwa m'manja mwa compiler, pulogalamu ija imene imasandutsa zolemba za munthu kukhala zomwe makina amamva. Anautcha IA-64, ndipo pulosesa yake Itanium inatuluka mu 2001. Onani msampha wake, IA-32 ndi x86 ya 32-bit, ndiye munthu aliyense woganiza bwino akaona IA-64 aziti ndi mkulu wake wa IA-32. Ayi ndithu, sali pachibale. Itanium inachedwa kutuluka, inali yodula, mapulogalamu akale a x86 inkawayendetsa mwaulesi kwambiri, ndipo ma compiler oti aigwiritse ntchito mokwanira anavuta kulemba. Anthu anayamba kuitcha Itanic pofanizira sitima ija ya Titanic inamira. Inakhalabe m'ma seva ena a HP kwa zaka zambiri mpaka Intel inatumiza zomaliza mu 2021, ndipo Linux inachotsa khodi yake mu kernel 6.7 (kernel ndi mtima wa operating system). Laputopu ya Itanium simudzaiona pa shopu yanu.

AMD inatenga njira ina. Inati anthu ali ndi mapulogalamu awo amene anagula ndi ndalama zawo, musawauze kuti ataye zonse, tingokulitsa nyumba yomwe ilipo kale. Analengeza ganizoli mu 1999, mu 2000 anasindikiza ndondomeko yonse ndi dzina loti x86-64. Rejisita imene pa 8086 inkatchedwa AX, pa 386 n'kukhala EAX, tsopano inakhala RAX ya ma bit 64, ndipo anawonjezera ena asanu ndi atatu, R8 mpaka R15, kuti onse akhale 16 m'malo mwa 8. Chachikulu n'choti pulosesa yomweyo inkatha kuyendetsa mapulogalamu akale a 32-bit pa liwiro lake lonse osakhosomola. Opteron inatuluka mu Epulo 2003, Athlon 64 mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo nthawi imeneyo kampaniyo inasintha dzina kuchoka pa x86-64 kukhala AMD64. Ndiye mnzanu wa ku koleji uja akunena zoona kuti x86-64 ndi dzina loyambirira, koma amene analipereka ndi AMD yomweyo imene inadzalisintha.

Msika unasankha njira ya AMD, ndipo Intel, mwini wake wa x86, anakakamizika kutsatira zomwe mnzake wamng'ono anajambula. Mu 2004 anatulutsa ma Xeon oyamba omva malangizo amenewa. Tsopano mukuganiza kuti Intel ikanalemba AMD64 pa bokosi lake? Inayamba ndi kuitcha IA-32e, kenako EM64T, kenako mu 2006 n'kukhazikika pa Intel 64. Microsoft ndi Sun nawo sanafune kuoneka kuti ali mbali ya wina, anafupikitsa n'kumati x64, n'chifukwa chake kunali Windows XP Professional x64 Edition mu 2005. A Debian, gulu limene limakonza mtundu wina wa Linux, anayamba kukonza zawo nthawi imene AMD yokha ndi imene inali ndi mapulosesa otere, anatcha amd64 ndipo sanasinthenso, Ubuntu poti inachokera ku Debian inatengera dzina lomwelo, FreeBSD chimodzimodzi. A Fedora ndi a Arch amalemba x86_64 ndi kamzere kapansi. Chinthu chimodzi, mayina asanu ndi kuposa, aliyense ndi chifukwa chake.

Ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Chilankhulo chomwe tikulemberana panochi kuno kwathu chinakhazikitsidwa ndi dzina loti Chichewa mu 1968, koma mukawoloka ku Mchinji kulowa Chipata akuuzani kuti akulankhula Chinyanja, ku Tete ndi ku Niassa chimodzimodzi, ndipo mukakhala pansi mumvana bwinobwino ngakhale mawu ena apa ndi apo akusiyana. Dzina likunena za mbiri ndi amene anali ndi mphamvu yotcha, silikusintha zoti mukumvana. AMD64 ndi Intel 64 nazonso zili ndi timasiyano tating'ono, mwachitsanzo momwe malangizo ena olowera ndi kutuluka mu kernel amachitira, koma amene amavutika nazo ndi olemba ma operating system ndi ma compiler, ndipo anazikonza kalekale kuti fayilo imodzi iziyenda konsekonse.

Ngati mnzanu wa shopu yoyandikana sakukhulupirira, musakangane naye, muitaneni aone ndi maso. Tsegulani kompyuta iliyonse ya Intel imene ili ndi Windows ya 64-bit, lowani mu Command Prompt, lembani echo %PROCESSOR_ARCHITECTURE% n'kudina Enter. Iyankha kuti AMD64, pomwe pa chivundikiro pali sitika ya buluu ya Intel. Kenako pitani ku Settings, System, About, mupeza palembedwa x64-based processor. Mukamaliza kuika Ubuntu ija tsegulani terminal mulembe uname -m, iyankha x86_64, mulembenso dpkg --print-architecture, iyankha amd64. Makina amodzi omwewo adzitchula mayina atatu osiyana pamaso panu. Ine ndimachita zimenezi ndi wophunzira aliyense watsopano tsiku loyamba, zimatenga mphindi zisanu ndipo funsoli silibweranso.

Mukandifunsa ine kuti ndimakonda liti, polankhula ndi polemba ndimati x86-64, chifukwa limanena zoona zake, kuti ndi x86 yomwe ija yakulitsidwa kufika 64, ndipo silisokoneza kasitomala. amd64 ndimalilemekeza chifukwa limapereka ulemu kwa amene anagwira ntchito, ndipo ndimaona kuti n'koyenera kuti dzina la AMD likhalebe pamenepo mpaka lero. x64 ndi limene ndimalikayikira pang'ono, poti x wa mu x86 amaimira nambala yosintha ija, 286, 386, 486, pomwe kunalibe pulosesa ya 8064 kapena 364. Komabe anthu mamiliyoni amalinena ndipo amamvana, ine sindingaimitse ntchito kuti ndikonze munthu wanena x64. Chimene ndimaletsa ndi x32. Anthu amaganiza kuti ngati kuli x64 ndiye 32-bit ndi x32, koma ku Linux x32 ndi dzina la chinthu china chapadera chimene chinalowa mu kernel mu 2012, pomwe pulogalamu imayenda ndi malangizo a 64-bit koma ma adiresi ake ndi a 32-bit. Mukafuna kunena 32-bit nenani 32-bit, kapena i386, kapena IA-32.

Palinso chisokonezo china chimene Windows inabweretsa, ndipo ichi chimapweteka anthu tsiku ndi tsiku. Kunena mwachilungamo x86 ndi banja lonse, 16, 32 ndi 64 yomwe. Koma pa masamba odawunilodira mapulogalamu mukaona x86 pambali pa x64, x86 ikutanthauza 32-bit basi. Foda ija ya Program Files (x86) ndi ya mapulogalamu a 32-bit. Ndamvapo anthu angapo akunena kuti x86 ndi yamphamvu kuposa x64 poti 86 ndi yaikulu kuposa 64, ndipo sindiwaseka, maganizo awo ndi olongosoka, mayinawo ndi amene ali opotoka. Mukalowa mkati mwa foda ya Windows zimafika poipa, System32 ndi momwe muli mafayilo a 64-bit, pomwe SysWOW64 ndi momwe muli a 32-bit. Anasiya dzina la System32 chifukwa mapulogalamu ambiri akale analilemba mwachindunji m'kati mwawo, ndipo WOW64 ikuimira Windows ya 32 yoyenda pamwamba pa Windows ya 64. Mukamakopera fayilo ya dll pamanja kuti pulogalamu ya kasitomala idzuke, kumbukirani zimenezi, ambiri amaika mosemphanitsa.

Za ia64 ndili nazo chifukwa chozinenera mwamphamvu. Cha m'ma 2009 mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anapatsidwa kompyuta ya Core 2 Duo kuti aikemo Debian. Anaona mndandanda wa mayina, anaona amd64 n'kuidumpha poti makinawo si a AMD, anaona ia64 n'kuganiza kuti i ameneyo ndi Intel ndipo 64 ndi yomwe akufuna. Masiku amenewo intaneti inali ya pa kafe, yolipira pa ola, CD imodzi ya 650 MB imatenga usiku wonse. Analipira ndi ndalama yake, m'mawa anawotcha CD, anaiika, kompyuta inangoidutsa ngati mulibe kanthu. Anawotcha ina poganiza kuti yoyamba yakalika, chimodzimodzi. Atabwera kwa ine maso ali ofiira ndi tulo ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa sanachite ulesi, anaganiza bwino ndithu koma palibe amene anamuuzapo mbiri ya mayinawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona nkhani ya mayina ngati ya anthu ofuna kudzionetsa kuti anaphunzira.

Tsopano za mawu oti architecture, apa mnzanu wa ku koleji ali ndi mfundo yeniyeni. Mawuwa anakhazikika ndi IBM mu 1964 pamene Gene Amdahl, Gerrit Blaauw ndi Fred Brooks ankafotokoza makompyuta a System/360. Ganizo lawo linali loti pakhale makina osiyanasiyana, ang'ono otchipa ndi aakulu odula, opangidwa mosiyana m'kati, koma onse omva malangizo amodzi kuti pulogalamu yolembedwa kamodzi iziyenda pa onse. Zimene wolemba pulogalamu amaona, malangizo, marejisita, momwe memori imalozedwera, ndi zimene anazitcha architecture, lero timati instruction set architecture kapena ISA. Momwe mainjiniya amangira zam'kati kuti malangizowo achitike ndi nkhani ina, imeneyo ndi microarchitecture. Ganizirani chigayo. Inu mumabwera ndi chimanga, mumathira pamwamba, ufa umatuluka pansi, mgwirizano wanu ndi chigayo ndi umenewo. Kaya chikuyenda ndi dizilo kaya magetsi, kaya injini yake ndi yaikulu bwanji, zimasintha liwiro ndi mtengo koma inu simusintha kabweretsedwe ka chimanga. x86-64 ndi mgwirizano uja. Skylake ya Intel ya 2015, Zen ya AMD ya 2017, NetBurst ya Pentium 4 yotentha ija, amenewo ndi ma injini.

Vuto ndi loti makampani eni ake potsatsa malonda amati Zen architecture, ndiye munthu akanena kuti Ryzen ndi Core zili ndi architecture yosiyana sakunama kotheratu, akungogwiritsa ntchito mawuwo momwe anawamvera. Ine ndimangofunsa kuti mukunena za zomwe pulogalamu imaona kapena zam'kati? Akayankha, mkangano watha. Ndipo Core i5 kapena Ryzen 5 si architecture kapena microarchitecture, ndi dzina la pa shelefu chabe, i5 ya 2011 ndi i5 ya 2021 zili kutali ngati njinga yakapalasa ndi yamoto, n'chifukwa chake pogula laputopu ya kaunjika muzifunsa nambala yonse osangomva kuti ndi i5. Pomwepo ndinenenso, bokosi lija la pansi pa tebulo limene tonse timalitcha CPU si CPU, CPU ndi kachidutswa kali pansi pa fani m'kati mwake, koma kasitomala akati CPU yanga sikuyaka mukudziwa chimene akunena, mulandireni.

Wina akadzabweretsa za RISC ndi CISC, zimenezo musatayepo nthawi yambiri. Mawuwa anatchuka cha m'ma 1980 kuchokera ku ntchito ya David Patterson ku Berkeley ndi John Hennessy ku Stanford, potsatira zomwe John Cocke anayamba ku IBM, ganizo loti malangizo ochepa osavuta ofanana kutalika (RISC) amathamanga bwino kuposa ambiri ovuta (CISC). x86 ili ku CISC, malangizo ake amatalika kuyambira byte imodzi mpaka 15. Koma kuyambira Pentium Pro mu 1995 mapulosesa a Intel amaphwanya malangizowo kukhala tizidutswa tating'ono m'kati asanawachite, ndiye ena amati x86 ya lero ndi RISC m'kati. Mukagwiritsa ntchito kusiyanitsa kuja muona kuti palibe chokanganira, kunja ISA ndi CISC, tizidutswato ndi nkhani ya microarchitecture.

Kumene ndikufuna mutchere khutu kwambiri ndi ku mafoni, poti ndi kumene kuli makasitomala anu ambiri. Pafupifupi foni iliyonse imene imafika pa tebulo lanu, Tecno, itel, Samsung, iPhone, ili ndi pulosesa ya banja la ARM, limene linayambira ku kampani ya Acorn ku Cambridge, pomwe Sophie Wilson ndi Steve Furber anapanga yoyamba mu 1985. Kumenekonso mkangano wa mayina ulipo womwewo. Mu 2011 kampani ya ARM inalengeza ARMv8-A yokhala ndi 64-bit, n'kutcha mbali ya 64-bit imeneyo AArch64. Anthu a Linux kernel, kuphatikizapo Linus Torvalds, sanalikonde dzinali, foda yake anaitcha arm64. Lero Debian, Apple ndi Microsoft amati arm64, Fedora amati aarch64, ndipo pa Linux yomweyo imene foda yake ndi arm64 mukalemba uname -m ikuyankhani aarch64. Ndi chinthu chimodzi. Foni yoyamba kukhala nayo inali iPhone 5s mu 2013, ndipo ma Mac kuyambira M1 ya 2020 ali komweku, ndiye pa Mac yatsopano fayilo yoyenera ndi ya arm64 kapena yolembedwa Apple silicon osati x86_64.

Koma pali mayina ena a ARM ofanana maonekedwe amene ali osiyana zenizeni, ndipo awa ndi oyenera kukanganira. ARMv7 yokhala ndi v ndi mtundu wa ISA, wa 32-bit. ARM7 yopanda v ndi pulosesa yakalekale ya m'ma 1990 imene inali m'mafoni a Nokia a mabatani ndi mu Game Boy Advance, ndipo ISA ya ARM7TDMI yotchuka ija ndi ARMv4T. Cortex-A7 ndi pulosesa ina imene imamva ARMv7. A7 ya Apple ija ya mu iPhone 5s ndi ya ARMv8. Ma 7 anayi, zinthu zinayi.

Mukamadawuniloda APK, fayilo yoikira pulogalamu pa Android, pamanja mumaona armeabi-v7a ndi arm64-v8a. Yoyamba ndi 32-bit, yachiwiri 64-bit. Apa pali chinthu chimene chimazunguza amisiri ambiri, mafoni ambiri otchipa, makamaka a Android Go, ali ndi pulosesa ya 64-bit monga Cortex-A53 koma Android imene anaikamo ku fakitale ndi ya 32-bit pofuna kusunga RAM yochepayo. Inu mukaona pa intaneti kuti pulosesa yake ndi 64-bit, mudawuniloda arm64-v8a, foni n'kukuyankhani kuti App not installed, mubwereza katatu bandulo n'kutha. Funso loyenera si loti pulosesa ndi ya ma bit angati, ndi loti operating system imene ilimo ndi ya ma bit angati. Ngati muli ndi adb, pulogalamu yotumizira malamulo ku foni ya Android, pa kompyuta yanu lumikizani foniyo mulembe adb shell getprop ro.product.cpu.abilist, ikuonetsani mndandanda wa zomwe imalandira, mutenge yoyamba pa mndandandawo. Mbali inayo nayonso yayamba, Google Play inalamula kuti mapulogalamu azikhala ndi 64-bit kuyambira Ogasiti 2019, ndipo Pixel 7 ya 2022 inabwera yosalandira mapulogalamu a 32-bit, ndiye APK yakale ya v7a imene mwasunga pa flash zaka zisanu idzayamba kukanidwa pa mafoni atsopano.

Zomwezo zimachitika pa ma laputopu a kaunjika, ndipo poti ndi amene timakumana nawo kwambiri kuno ndikupatseni mayina oti muziwayang'anira. Core Duo ya 2006 ndi 32-bit yokha, Core 2 Duo ndi 64-bit, kusiyana kwake ndi ka 2 kamodzi pa sitika. Tima netbook tija ta Atom N270 ndi 32-bit yokha. Kulinso timatabuleti ndi timalaputopu tina ta Atom ta m'ma 2014 tomwe pulosesa yake ndi 64-bit koma UEFI yake, pulogalamu yam'kati imene imadzutsa makina, ndi ya 32-bit, flash ya 64-bit mukaiika sikuoneka n'komwe pa boot menu, munthu n'kumaganiza kuti flash yafa. Ndiponso masiku ano kungokhala x86-64 sikukwanira nthawi zonse, mu 2020 anagawa magawo otchedwa x86-64-v2, v3 ndi v4 potengera malangizo owonjezera amene pulosesa ili nawo, ndipo Red Hat Enterprise Linux 9 imafuna v2, kutanthauza kuti Core 2 Duo ija ngakhale ndi 64-bit siyendamo. Windows 11 ilibe mtundu wa 32-bit n'komwe.

Core i5 ya kasitomala wanuyo, ya chaka chilichonse, ndi x86-64, Ubuntu ya amd64 ilowa popanda vuto, ingoonani kuti RAM ndi yokwanira apo ayi muikireni Lubuntu kapena Xubuntu zomwe ndi zopepuka. Tsiku limene adzakubweretsereni ka netbook ka N270, Ubuntu musavutike nayo, anasiya kutulutsa ya desktop ya 32-bit kuyambira 17.10. Pitani ku Debian 12 mutenge yolembedwa i386, koma dziwani kuti Debian 13 ya 2025 ilibenso installer ya 32-bit. Ndipo i386 imeneyo pa 386 yeniyeni singayende, Linux inasiya pulosesa imeneyo mu kernel 3.8 mu 2013 ndipo Debian imafuna ya m'badwo wa i686 kupita m'tsogolo, N270 ili m'gulu limenelo ndiye ikadzuka.